Kuthandiza ana akuluakulu popanda kudya penshoni yanu: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene makolo amafunsa mobwerezabwereza, makamaka amene atsala pang'ono kupuma pa ntchito kapena apuma kale koma foni ikungolirabe, "adadi ya lendi yaperewera", "amami mwana amubweza kusukulu". Tayambira osavuta nkumalowa mkati pang'onopang'ono, ndipo pomwe yankho lili kale pa funso lina tangokulozerani komweko.

Kodi kuthandiza mwana yemwe ndi wamkulu kale nkulakwa?

Ayi sikulakwa. Malamulo a dziko lino amati mwana ndi munthu wosakwana zaka 18, koma tonse tikudziwa kuti kuno palibe amene amaima payekha pa 18, ambiri zaka zimenezo ndi pamene akulimbana ndi MSCE, kenako koleji, kenako zaka zingapo zoyenda ndi envulopu ya khaki m'maofesi mu Lilongwe ndi mu Blantyre. Ndiye mwana wa zaka 27 kumadyabe kwa makolo si zachilendo ndipo nthawi zambiri si ulesi. Pomwe zimavuta mpoti thandizolo lilibe malire, lilibe tsiku lothera, ndipo likuchoka pa ndalama zomwe inuyo mumayenera kudzadya mukadzakalamba.

Vuto lili pati poti ndalamazo ndi zanga, mwanayonso ndi wanga?

Vuto ndi zaka. Mwana wa zaka 28 akaluza K3 miliyoni pa geni adzalira inde, koma ali ndi zaka 30 zogwira ntchito kutsogolo kwake, adzaipezanso. Inu wa zaka 58 mukaluza ndalama yomweyo basi yapita, mulibe nthawi yoibwezeretsa, mphamvu zikutha, ndipo olemba ntchito sakufunanso munthu wa msinkhu wanu. Mwana akhoza kubwereka ku banki, ku SACCO, olo kwa anzake. Palibe amene amabwereketsa nkhalamba ndalama zoti idyere ukalamba wake.

Komanso musaiwale kuti Malawi alibe penshoni ya boma yopita kwa wokalamba aliyense. Mtukula Pakhomo, uja anayambira ku Mchinji mu 2006, ndi wa mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo ndalama yake ndi yochepa. Munthu amene munali pa ntchito, muli ndi nyumba ya malata ndi ana ophunzira, musamawerengere pamenepo.

Ine ndili pa penshoni kuntchito, amadula mwezi ndi mwezi. Sizokwanira zimenezo?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni, bwana amaponya 10 peresenti ya malipiro anu kapena kuposa, inu mumaponya 5 peresenti, zonse pamodzi 15. Ndiye kuti pa miyezi pafupifupi 7 iliyonse mumasunga malipiro a mwezi umodzi. Mukagwira ntchito zaka 30 zathunthu osadumpha, mwasunga malipiro a miyezi 54, zaka zinayi ndi theka, kuphatikizapo chiwongoladzanja chomwe kampani ya penshoni yapindula. Tsono mukapuma pa 60 nkukhala ndi moyo mpaka 80, ndalama ya zaka zinayi ndi theka ija ikuyenera kukusungani zaka 20. Ndipo ambiri sanaponye zaka 30 ayi, anayamba mochedwa, ena anatapako kale ntchito itatha pakati.

Kenako pali kugwa kwa kwacha. Mu May 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Mu 2024 mitengo ya zinthu imakwera ndi 30 peresenti ndi kuposa pa chaka, ndipo pa liwiro limenelo thumba la sopo ndi shuga lomwe mukugula lero limafika pa mtengo wowirikiza kawiri zaka zitatu zisanathe. Penshoni ya pamwezi sithamanga choncho.

China, pitani mukafunse sitetimenti yanu ku kampani yomwe imasunga penshoni yanu, kaya ndi Old Mutual kaya NICO kaya ina. Alipo mabwana amadula 5 peresenti pa payslip koma osatumiza, munthu nkudzazindikira tsiku lopuma. Mukapeza kuti miyezi ina palibe chinalowa ndipo bwana akuzemba, dandaulo limapita ku Reserve Bank, ndi amene amayang'anira za penshoni.

Ndingadziwe bwanji ndalama yomwe ndingakwanitse kupereka?

Yambani ndi inuyo, osati ndi pempho la mwana. Tengani kope mulembe zomwe inu ndi akazi anu kapena amuna anu mumagwiritsa ntchito pamwezi: chakudya, magetsi, madzi, makala, thiransipoti, chakhumi, mankhwala. Pa mankhwala musaumirepo, chifukwa BP ndi shuga zimakonda kubwera zaka zomwezi, mankhwala ake ndi a moyo wonse, ku chipatala cha boma nthawi zina amakuuzani kuti mukagule ku famase, ndipo ngati MASM kapena sikimu ina ya zachipatala amakulipirirani ndi akuntchito, tsiku lopuma mumayamba kulipira nokha kapena kukhala opanda. Mukatero chotsaninso ndalama yosunga, iyi ndi yoti ichoke tsiku lomwe malipiro alowa isanaonedwe ndi munthu. Yotsalayo ndiye thumba la ana ndi achibale onse, osati la mwana mmodzi aliyense.

Ndipo muziwerengera pa chaka osati pa tsiku. K100,000 pamwezi imaoneka yochepa ukamatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, koma pa chaka ndi K1.2 miliyoni, pa zaka zisanu ndi K6 miliyoni. Makolo ambiri akayang'ana mauthenga a pa foni a miyezi itatu yapitayi nkuphatikiza ma K20,000 ndi ma K15,000 aja amadabwa okha.

Ndalama za penshoni za nthawi imodzi zatuluka ndipo ana akudziwa. Ndiwagawireko?

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, ndiye tikhalapo pang'ono. Lamulo la penshoni la 2023 limalola munthu wopuma kutenga mpaka theka la ndalama zake nthawi imodzi, kale inali 40 peresenti, yotsalayo nkumabwera pamwezi pamwezi. Anthu anasangalala, koma taganizani, mukatenga zambiri lero ndiye kuti za pamwezi zija zichepa moyo wanu wonse. Ndalama ya nthawi imodziyo, kaya mukuitcha gratuity kaya chani, si bonasi, si mphatso yakuntchito, ndi chakudya chanu cha zaka 20 chomwe chabwera tsiku limodzi.

Zomwe zimachitika nzodziwika. Ndalama ikangolowa aliyense amakhala ndi pulani: wina akufuna Sienta yoti aziyendetsa takisi, wina njinga yamoto ya kabaza, wina akuti masters, mlamu naye denga likudontha, ku tchalitchi akumanga. Munthu amene moyo wake wonse sanaonepo mamiliyoni ambiri chonchi mu akaunti amaona ngati sizingathe, pakatha chaka ndi theka wayambanso kukongola ku grosale.

Ndiye malangizo athu ndi awa. Musalengeze kuti zatuluka zingati, si bodza limenelo, ndi chinsinsi chanu ndi mnzanu wa m'nyumba. Musapange chiganizo chachikulu miyezi itatu yoyamba, iikeni kaye pa fixed deposit (akaunti yotsekera ndalama kwa nthawi yoikika) kapena ma treasury bill (kubwereketsa boma ndalama kwa miyezi ingapo) pomwe simungaitape ndi foni usiku. Choyamba kulipira ndi ngongole zanu, chachiwiri ndi pokhala panu ngati nyumba sinathe, chachitatu ndi chinthu chobweretsa ndalama mwezi ndi mwezi. Ngati mukufunadi kuti ana alaweko, sankhani kandalama kamodzi kochepa komwe olo katapita simugona ndi njala, mupereke kamodzi, munene poyera kuti ndi komweko.

Koma si paja ana ndiye penshoni yathu? Akulu anati kupatsa nkuika.

Mwambiwo ndi woona ndipo ana ambiri amasamaladi makolo awo, ena mpaka kudzimana. Koma nthawi ya makolo athu munthu amakalambira kumudzi, munda ulipo, nkhokwe ilipo, ana ndi adzukulu ali pafupi. Lero mwana wanu ali pa lendi ku Area 25 kapena ku Chirimba, ali ndi ana ake awiri pa sukulu yolipira, malipiro amatha pa 10. Akhoza kukukondani ndi mtima wonse koma nkukhala alibe. Wina akhoza kutsogola kumwalira, wina kukwatira kapena kukwatiwa ndi munthu amene safuna kumva za apongozi.

Ndiye taonani mbali inayi: mukadya penshoni yanu yonse pa ana lero, mawa mukadwala bilu ija ikagwera ana omwewo, nthawi yomwe nawonso akulimbana ndi fizi. Kholo lomwe likudzidyetsa lokha ndi kudzigulira mankhwala lawachotsera ana ake katundu wamkulu kuposa lomwe linawagulira galimoto nkutsala manja lende.

Nanga fizi ya kukoleji? Imeneyo ndingakane?

Pa thandizo lonse, la sukulu yoyamba ya ntchito ndi lomwe lili ndi nzeru kwambiri, kaya ndi digiri, dipuloma ya unamwino kapena uphunzitsi, kaya ndi luso la manja kudzera ku TEVETA. Koma musanagulitse poloti, mwana ayambe wapempha ngongole ku Loans Board, bungwe lija linakhazikitsidwa mu 2015 kuti lizibwereketsa ophunzira a m'makoleji. Ngongoleyo ndi ya iyeyo, adzabweza akayamba ntchito, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Inu muzithandiza pomwe yaperewera, monga malo ogona ndi chakudya.

Masters ndi nkhani ina. Mwana amene wasowa ntchito ndi digiri yoyamba nthawi zambiri amaganiza kuti yachiwiri ndiye yankho, mwina inde mwina ayi, koma imeneyo adzilipirire akamagwira ntchito kapena asake sikolashipu. Chimodzimodzi amene wasintha kosi kachitatu, pamenepo mpofunika kukhala pansi kaye musanatulutsenso ndalama.

Mwana wanga anamaliza sukulu, ntchito palibe, ali pakhomo. Ndimuthamangitse?

Ayi. Kumusunga pakhomo ndi njira yotchipa kwambiri yomuthandizira, mbale imodzi yoonjezera siifanana ndi kumulipirira lendi, magetsi ndi chakudya kwina. Chofunika ndi choti akhale ngati munthu wamkulu osati ngati mlendo wapahotela. Akapeza kaganyu agule mayunitsi a magetsi kapena ndiwo, ngati alibe ndalama agwire ntchito yomwe mukanalipira munthu wina, kumunda, pa shopu, kuyang'anira omanga. Ya bandulo ndi thiransipoti yosakira ntchito muike mlingo wa pamwezi, ikatha yatha.

Ndipo muzikambirana miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse kuti zili pati, wapempha ntchito kuti, akuganiza zotani ngati ya muofesi sikupezeka. Amene akuyesetsa amaoneka. Amene amadzuka 10 koloko nkufunsa kuti tiyi ali kuti amaonekanso.

Akufuna mpamba wa bizinesi. Ndimupatse kapena ndimubwereke?

Mumtima mwanu muziitenga ngati mphatso olo pakamwa munene kuti ndi ngongole, chifukwa ngongole za makolo ndi zomwe zimabwezedwa pomaliza, ngati zibwezedwa nkomwe. Ndiye funso ndi loti, ndalama imeneyi itapita osabwerera, ine ndikhala bwanji? Ngati yankho likukuopsani, ndalamayo ndi yochuluka.

Musapereke yonse kamodzi. Amene akuti akufuna K4 miliyoni ya shopu ya zovala ayambe ndi belo limodzi la kaunjika, aonetse kope la zomwe walowetsa ndi kutulutsa kwa miyezi ingapo, kenako muonjezere. Ngati nkotheka gulani nokha chipangizocho, makina osokera, firiji, makina owotcherera, m'malo mopereka ndalama m'manja. Naye aikepo kake olo kochepa, munthu amasamala geni yomwe watayapo thukuta lake. Ndipo mukagula galimoto kapena njinga yamoto, mapepala akhale m'dzina lanu mpaka atabweza zomwe munagwirizana, nanga si zikavuta mukhoza kugulitsa nkupulumutsako kena.

Kulemba pa pepala si kusakhulupirira mwana. Pakatha zaka zitatu aliyense amakumbukira zake, pepala limathandiza kuti musadzakangane pamaliro a munthu.

Wandipempha kuti ndimusainire loni, kapena nyumba yanga ikhale chikole. Nditani?

Pa mafunso onse ili ndi lomwe tiyankhe mosazungulira: nyumba yomwe mukugonamo isakhale chikole cha ngongole ya munthu wina, olo akhale mwana wanu woyamba kubadwa. Mukasaina ngati womuimira, mwavomera kuti iye akalephera mulipira ndinu, yonse, ndi chiwongoladzanja chake, ndipo chiwongoladzanja cha ku banki kuno chakhala chikupitirira 20 peresenti pa chaka. Banki sidzafunsa kuti ndalamayo munadyako kapena ayi. Nkhuyu zodya mwana zija zimapota wamkulu zenizeni, nyumba nkutuluka mu nyuzipepala kuti ikugulitsidwa, dzina lanu nkuipa ku credit bureau, komwe amasunga mbiri ya anthu obwereka ndalama.

Komanso dzifunseni, chifukwa chani banki ikufuna siginecha yanu? Ndi chifukwa choti iwo, amene ntchito yawo ndi kuyeza anthu obwereka, aona kuti mwanayo payekha sangakwanitse. Ngati mukufuna kuthandiza, bwererani ku funso la mpamba pamwambapa, mupereke kochepa komwe mungathe kuluza.

Azimayi chenjeraninso ndi banki m'khonde. Zimachitika kwambiri kuti mayi amatenga ngongole ku gulu m'dzina lake nkupatsa mwana, mwana osabweza, tsiku logawana anzake akubwera kudzanyamula mipando ndi malata.

Ali ndi ngongole ya katapila ndipo akumuopseza. Ndimulipirire?

Koyamba, ngati mungathe ndi ndalama ya thumba la ana lija, mukhoza, chifukwa katapila amabereka msanga ndipo kuchedwa kumangokulitsa bala. Koma mupite limodzi kwa mwini ndalamayo, mumve nokha kuti anabwereka zingati ndipo zafika pa zingati, mukambirane zochotsako, mulipire m'manja mwake osati kudzera kwa mwana, ndipo alembe kuti yatha. Ngati pali kuopsezana kapena kulanda katundu mwankhanza, imeneyo ndi nkhani ya polisi.

Chachikulu ndi kudziwa chomwe chinadya ndalamayo. Ngati ndi matenda kapena ntchito inatha, chabwino. Ngati ndi kubetcha, mpira ndi kandege kaja ka pa foni, kapena mowa, kulipira ngongole sikuthetsa kanthu, mwangomutsegulira mpata wobwerekanso. Wotereyo musamupatse ndalama m'manja, ngati ali ndi banja gulani ufa ndi kulipira fizi ya ana mwachindunji, ndipo kachiwiri musalipire.

Akufuna ya pasipoti ndi thiransipoti apite ku Joni, akuti azikatumiza. Ndi nzeru?

Alipo ambiri ku Mangochi, ku Mzimba ndi kwina amene amanga nyumba ndi ndalama za ku Joni, ndiye sitinganene kuti nzopanda pake. Koma musawerengere ndalama zomwe sizinabwere. Miyezi yoyamba munthu amakhala akusaka ntchito, ena mapepala akatha amagwidwa nkukasungidwa ku Lindela kudikira kubwezedwa, ndipo foni yopempha thandizo imabwera kwa inu nomwe. Ngati mukumulipirira, apite ndi pasipoti yeniyeni, akhale ndi munthu wodziwika wokafikira, ndipo ndalamayo isachoke pogulitsa munda kapena ng'ombe zomwe mumadalira. Za ma ejenti olonjeza ntchito kunja amene akufuna ndalama zambiri patsogolo, fufuzani ku ofesi ya zantchito musanapereke olo tambala.

Za chinkhoswe ndi ukwati, makolo tikuyenera kufika pati?

Pomwe thumba lanu lafika. Ukwati wa masiku ano, holo, madekoleshoni, keke ya nsanjika, ma bridal shower, send off, ndi wa eni ake ndi komiti yawo, ndipo chiyembekezo choti pelekanipelekani adzabweza zonse chagwetsa anthu ambiri. Nenani msanga kuti ife tithandiza ndi mbuzi ziwiri ndi thumba la mpunga, kapena ndalama yakuti, ankhoswe amve, nkhani ithe. Kumpoto ndi ku Lower Shire komwe kuli malowolo achibale amasonkherana mwa mwambo, koma ngakhale kumeneko kutenga loni chaka chomwe mukupuma pa ntchito kuti anthu akuoneni tsiku limodzi si nzeru.

Anandisiyira adzukulu, ndikulera ndine. Pamenepa malire ndiika bwanji?

Ili ndi lovuta chifukwa mdzukulu sanalakwe kanthu ndipo palibe gogo amene angamuone akugona ndi njala. Ngati makolo ake anamwalira kapena akudwala, imeneyo ndi nkhani ya banja lonse, itanani amalume, azakhali ndi a kuchimuna mugawane, wina fizi, wina yunifomu, musasenze nokha chifukwa choti ndinu amene muli ndi penshoni.

Koma ngati bambo ndi mayi ake ali moyo ndipo akugwira ntchito mtauni kapena kunja, udindo ndi wawo, lamulonso limatero. Gwirizanani ndalama ya pamwezi ndi tsiku lotumiza, fizi azilipira okha ku sukulu. Bambo wothawa udindo akhoza kutengeredwa ku khoti kuti azipereka chithandizo cha mwana, ndipo ofesi ya social welfare ya pa boma lanu imathandiza pa nkhani zotere. Komanso sukulu ikhale yolingana ndi thumba la makolo ake, osati iwo asankhe yodula nkumati agogo amaliza.

Ine ndimakana koma akazi anga (kapena amuna anga) amapereka mobisa. Titani?

Ana amadziwa khomo lofewa, akakanidwa kwa adadi amadzera kukhitchini. Musayambe ndi kukalipa, nthawi zambiri amene akupereka mobisayo akuopa kuti mwana avutika kapena adzasiya kubwera. Khalani pansi awiri ndi kope lija la pa funso lachinayi, aone yekha manambala. Ndipo pali mfundo imodzi yomwe azibambo ambiri saiganizira: kawirikawiri amayi ndi amene amatsala, ndipo ambiri mwa iwo alibe penshoni yawoyawo. Ndalama yomwe ikumwazika lero ndi yomwe ikanadzawasunga iwowo ali okha. Mukagwirizana, aliyense akhale ndi kandalama kake kochepa komwe angapereke osafunsa mnzake, koma chilichonse choposa pamenepo yankho likhale limodzi, "tikambirana kaye ndi amayi ako."

Ndinene bwanji kuti ayi popanda kudana ndi mwana wanga?

Osadikira tsiku lomwe wapempha, pamenepo mitima imakhala ili m'mwamba. Sankhani nthawi yabwino, muwauze ana onse pamodzi ngati nkotheka, kuti ine ndatsala zaka zakuti kupuma, ndikadzapuma ndizidzalandira pafupifupi mwakuti, ndiye kuyambira mwezi wakuti zinthu zisintha. Ana ambiri sadziwa kuti penshoni ndi yochepa bwanji, amaona ngati adadi ali nazo basi chifukwa sanawaonepo akudandaula.

Musadule mwadzidzidzi. Ngati mumalipira lendi yonse, nenani kuti miyezi itatu ikubwerayi ndilipira yonse, itatu yotsatira theka, kenako udzipitiriza wekha. Mawu ake asakhale oweruza, "mwanawe, sindikufuna kuti mawa ndidzakhale mtolo kwa iwe, nchifukwa chake apa sinditha" amamveka bwino kuposa "anzako onse akugwira ntchito." Akhoza kukwiya, kusiya kuimba foni sabata ziwiri, mwinanso kukadandaula kwa azakhali ake. Zisiyeni zidutse, mukangobwerera m'mbuyo kamodzi chifukwa cha nkhope yokwinya, ulendo wina sadzakukhulupiriraninso. Ndipo thandizo si ndalama zokha, kumulumikiza ndi anthu omwe munagwira nawo ntchito, kumusungira mwana masana, kumupatsa chimanga cha kumunda, zonsezo ndi thandizo.

Ana ena akuti ndimakondera. Ndingogawa chuma changa ndikadali moyo kuti pasadzakhale mkangano?

Kudandaula kwawo nthawi zambiri kumakhala ndi chifukwa, amene amadzilimbikira samapempha ndiye salandira kanthu, pomwe mmodzi yemweyo ndi amene amangolandira, kenako mukadwala foni imapita kwa wolimbikira uja. Simukuyenera kupereka mofanana ndendende, mwana wolumala kapena wodwala amafunika zambiri ndipo abale ake amamvetsa akauzidwa. Chomwe chimawawa ndi kubisa. Zazikuluzikulu zomwe mwapereka muzilemba ndipo ena adziwe.

Koma kusintha dzina pa nyumba kapena pa munda mukadali moyo ayi. Ikangokhala m'dzina la mwana akhoza kuigulitsa, kuipereka ngati chikole ku banki, kapena iye kumwalira nkukhala chuma cha masiye cha banja lake, inu nkusanduka wopempha malo m'nyumba yomwe munamanga nokha. Njira yake ndi wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limalemekeza wilo yolembedwa bwino ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mboni zisakhale anthu omwe adzalandire nawo chumacho. Onaninso fomu ya ku penshoni yomwe munalembapo anthu odzalandira mukadzamwalira, ambiri anailemba atangoyamba ntchito ndipo mpaka lero muli mayina akale.

Ine sindinalembedwepo ntchito, ndine mlimi komanso ndimachita geni. Izi zikundikhudza?

Kwambiri, kuposanso a pa ntchito, chifukwa inu mulibe bwana woponya 10 peresenti. Penshoni yanu ndi munda, ziweto, nyumba za lendi ngati zilipo, mpamba wa geni, ndi masheya anu ku SACCO kapena ku banki m'khonde. Lamulo lake ndi ili: mwana adyeko phindu, asadye mpamba. Mbuzi zikaswana mukhoza kugulitsa ana ake, koma khola lisatsale lopanda kanthu, ndipo munda ukagulitsidwa subwerera. Nthawi yoopsa kwa inu ndi yokolola, pomwe ndalama ya fodya, soya kapena mtedza yabwera pamodzi, ndiye zonse zomwe tanena pa funso la ndalama za nthawi imodzi zitengeni ngati zanu. Patulani kaye ya feteleza ndi mbewu ya chaka chamawa musanayankhe pempho la aliyense.

Ndapereka kale zambiri, ndatsala zaka zitatu kapena zinayi kupuma ndipo ndilibe chomwe ndasunga. Ndachedwa?

Mwachedwa koma zaka zitatu ndi malipiro 36, si zochepa. Mwezi uno katengeni sitetimenti ya penshoni ndipo muwafunse akuwerengereni kuti mukapuma muzidzalandira zingati pamwezi, nambala imeneyo ndi yomwe mukaonetse ana pa zokambirana zija. Siyani kutenga maloni atsopano a pa payslip, makamaka otengera anthu ena, cholinga chikhale choti tsiku lopuma likupezeni mulibe ngongole. Ngati muli m'nyumba ya kampani kapena ya lendi, pokhala ndiye choyamba, olo kanyumba ka zipinda ziwiri kumudzi kapena kunja kwa tauni, kuposa chinyumba chachikulu chomwe chidzaime pa windo. Ndalama yomwe mumatumizira ana muichepetse pang'onopang'ono monga tafotokozera, ndipo yomwe yapulumukayo ipite molunjika ku SACCO kapena ku akaunti yopanda khadi la ATM. Kumbukiraninso kuti ndalama za penshoni sizituluka tsiku lomwe mwatsanzika kuntchito, mapepala amatha kutenga miyezi, ndiye mukhale ndi ya chakudya ndi mankhwala ya miyezi ingapo yodikirira. Ngati geni kapena ulimi ndi zomwe mukufuna kudzachita mukapuma, yambani panopa mukadali pa malipiro, kuti zolakwitsa zoyamba zilipiridwe ndi salale osati ndi gratuity.